Asogdi a ku Samarkand anathera kuti?

M'chaka cha 1907, Aurel Stein, wofufuza zakale wobadwira ku Hungary, anafukula bwinja la nsanja ya alonda m'chipululu, makilomita pafupifupi 90 kumadzulo kwa mzinda wa Dunhuang ku China. M'zinyalala za pansanjapo anapezamo makalata opindidwa bwinobwino, a m'thumba la mtengatenga amene sanafike kumene ankapita. Makalatawo analembedwa cha m'ma 313, ndipo anagona mumchenga zaka pafupifupi 1,600 popanda wowatsegula. Chinenero chake chinali Chisogdi, cha anthu amene kwawo kunali ku Samarkand ndi ku Bukhara, m'dera limene lero ndi Uzbekistan ndi Tajikistan.

Awiri mwa makalatawo analembetsa ndi mayi wina dzina lake Miwnay. Mwamuna wake, wamalonda wotchedwa Nanai-dhat, anapita naye ku Dunhuang n'kumusiya kumeneko ndi mwana wawo wamkazi, Shayn. Panatha zaka zitatu osabwerera. Miwnay analembera mayi ake kuti wayenda kwa akuluakulu a Asogdi a mumzindawo kupempha thandizo loti abwerere kwawo, koma aliyense ankangomukankhira kwa mnzake, kupatula wansembe wa pakachisi amene anamulonjeza ngamila ndi munthu womuperekeza. Kwa mwamunayo analemba mawu owawa. Anamukumbutsa kuti anamvera iyeyo n'kukana malangizo a mayi ake ndi alongo ake, ndipo anamaliza ndi kunena kuti kukanakhala bwino kukwatiwa ndi galu kapena nkhumba kusiyana ndi kukwatiwa ndi iye. Shayn anawonjezera mizere ingapo m'munsi, kuti iye ndi mayi ake asanduka antchito a Atchaina chifukwa cha ngongole za munthu wina amene anathawa. Aliyense amene anakula akumva za amayi amene amuna awo anatchona ku Joni kapena ku Harare akumudziwa Miwnay. Kalata yake ili ku British Library ku London, ndipo mayi ake sanaiwerenge.

Ndayamba ndi mayiyu chifukwa mitundu imene inatha timaikamba ngati miyala ndi mapale basi. Asogdi anali anthu okwiya, okonda ana awo, owerengera ndalama mpaka kakhobidi komaliza. Kwa zaka zoposa 1,000 ankagonjetsedwa ndi mafumu osiyanasiyana, koma ankadzuka m'mawa ali Asogdi ndithu. Kugonja kumodzi kokha, kwa Aarabu, ndiko kunawamaliza, ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti kugonjako sikunathere pabwalo la nkhondo. Kunalowa m'nyumba zawo ndi m'kaundula wa msonkho.

Dziko lawo, Sogdiana, linali pakati pa mitsinje iwiri ikuluikulu, Amu Darya ndi Syr Darya. Mtima wake unali chigwa cha mtsinje wa Zeravshan, umene madzi ake amachokera ku chipale cha m'mapiri n'kukathera mumchenga asanafike kunyanja iliyonse. Ndi ngalande zothirira, anthuwa anasandutsa chigwacho kukhala minda ya tirigu, mphesa ndi zipatso. Analibe mfumu imodzi ya onse. Samarkand, Bukhara, Panjikent, Paykand, Kish, uliwonse unali mzinda wodziimira pawokha, wokhala ndi linga lake, mfumu yake ndi mabanja ake olemera.

Dzina lawo limayamba kuoneka m'zolemba za mafumu a ku Persia. Darius Woyamba analemba Sogdiana pamndandanda wa maiko ake pathanthwe la Behistun, ndipo ponena za nyumba yake yachifumu ku Susa anati miyala yamtengo wapatali ya buluu ndi yofiira inachokera kumeneko. Kenako kunabwera Alexander wa ku Macedonia. Munthu amene anagwetsa mfumu ya Persia m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu anakodwa zaka ziwiri m'dera limeneli, kuyambira 329 mpaka 327 Yesu asanabadwe. Amene anamusowetsa tulo anali Spitamenes. Poyamba Spitamenes anapereka kwa Alexander munthu wotchedwa Bessus, amene anapha mfumu ya Persia, mwina poganiza kuti mlendoyo akalandira chimene akufuna abwerera kwawo. Ataona kuti mlendo wayamba kumanga mzinda wake m'mbali mwa Syr Darya, anaukira. Ankamenya ndi apakavalo n'kuthawira m'chipululu, ndipo pafupi ndi Zeravshan anapha gulu la asilikali a Alexander okwana pafupifupi 2,000. Alexander anabwezera powotcha midzi ndi kupha anthu m'chigwa chonsecho. Mu 328 anzake a Spitamenes a m'chipululu anatopa ndi nkhondo, anamudula mutu n'kuutumiza kwa Alexander.

Komabe taonani mmene nkhondoyo inathera. Alexander anakwatira Roxana, mwana wa mmodzi mwa akuluakulu a m'deralo. Mmodzi mwa akuluakulu a asilikali ake, Seleucus, anakwatira Apama, mwana wa Spitamenes yemwe uja, ndipo mwana wawo Antiochus Woyamba anadzalamulira ufumu waukulu wochokera ku Syria mpaka ku Central Asia. Agiriki anakhala, analamulira, anazilala. Atachoka anabwera ena a m'zipululu za kumpoto, kenako Ahephthalite, kenako Aturuki cha m'ma 560, ndipo m'ma 650 mfumu ya China nayo inayamba kudzitcha mwini wa deralo ili kutali. Onsewa ankafuna msonkho ndi ulemu. Akalandira, ankasiya akachisi ali chilili, mafumu a m'mizinda ali pamipando yawo, ana akuphunzira kulemba m'chinenero cha makolo awo.

Ndipo Asogdi anadziwa kudya nawo olamulirawo. Aturuki anali ndi akavalo ndi mauta, Asogdi anali ndi zilembo, masikelo ndi zinenero zambiri pakamwa. Silika amene China inkapereka kwa Aturuki pogula mtendere ankagulitsidwa ndi Asogdi. Mmodzi wa iwo, Maniakh, anatsogolera nthumwi kupita kwa mfumu ya Persia kukapempha msika. Aperezi anagula silikayo n'kumutentha pamaso pa nthumwizo, kuti uthenga umveke bwino. Maniakh sanataye mtima. Anazungulira njira ya kumpoto, ndipo mu 568 anafika ku Constantinople kukakambirana ndi mfumu Justin Wachiwiri. Atchaina analemba m'mabuku awo a mbiri kuti mwana akabadwa ku Samarkand ankamuika uchi pakamwa ndi ulimbo m'manja, kuti adzakhale wa mawu otsekemera ndiponso kuti ndalama ikamugwera m'manja isachokemo. Mwina kunali kunyoza, koma kukusonyeza mmene ankadziwikira. Ku China anali ndi midzi yawoyawo m'mizinda ikuluikulu, ndipo ankapatsidwa maina a mabanja malinga ndi kwawo: wa ku Samarkand ankatchedwa Kang, wa ku Bukhara ankatchedwa An.

Katundu wawo sanali silika ndi mafuta onunkhira okha. Kwawo ambiri ankatsatira chipembedzo cha Zoroaster chosakanikirana ndi milungu ya makolo, monga mulungu wamkazi Nana, koma kunja anamasulira m'Chisogdi mabuku a Chibuda, a chipembedzo cha Mani ndi a Chikhristu. Zilembo zawo, zochokera ku Chiaramu, anazitengera Auyghur, kwa Auyghur zinapita kwa Amongol m'nthawi ya Genghis Khan, ndipo kuchokera kumeneko zinafika kwa Amanchu amene anadzalamulira China. Mu 1965, anthu akulambula msewu pachitunda cha Afrasiab, pamene panali Samarkand wakale, anatulukira chipinda chojambulidwa makoma onse anayi. Pakhoma limodzi pali nthumwi za maiko osiyanasiyana zikubwera kwa mfumu Varkhuman, cha m'ma 660: Atchaina atanyamula silika, Aturuki a tsitsi lalitali lolukidwa, ndi amuna awiri a nthenga kumutu amene akatswiri ambiri amati ndi a ku Korea. Pamene wojambulayo ankapaka utoto wake, asilikali a Aarabu anali atafika kale ku Merv, tsidya lina la Amu Darya.

Kwa zaka pafupifupi 50, Aarabu ankangowoloka mtsinje, kutenga chuma ndi akapolo, n'kubwerera nyengo yozizira isanafike. Asogdi anaona ngati ndi zomwe zija anazolowera: lipira, mlendo apite. Zinasintha mu 705, pamene Qutayba ibn Muslim anakhala bwanamkubwa wa Khurasan, chigawo cha kum'mawa cha ufumu wa Aarabu. Iyeyu anabwera kudzakhala. Mu 706 analanda Paykand, mzinda wa amalonda, ndipo anthu ake atamuukira iye atangochoka, anabwerera, anapha amuna, anatenga akazi ndi ana ukapolo, nasungunula mafano a siliva a m'kachisi. Bukhara inagwa mu 709, Samarkand mu 712. Mizindayi sinaime pamodzi. Qutayba ankazinga mzinda umodzi ndi asilikali otengedwa mumzinda umene anagonjetsa dzulo lake, moti mfumu Ghurak ya ku Samarkand inamudandaulira kuti akuimenya ndi abale ake omwe. Mu 719 Ghurak analembera mfumu ya China kuti akhala akumenyana ndi Aarabu zaka 35, napempha asilikali. Sanabwere.

Zimene zinachitika mkati mwa Bukhara tikuzidziwa kuchokera kwa Narshakhi, Msilamu wa komweko amene analemba mbiri ya mzindawo cha m'ma 943. Iye akuti anthu a ku Bukhara ankalowa Chisilamu asilikali akafika, n'kubwerera ku za makolo asilikali akachoka, ndipo anatero katatu. Ulendo wachinayi Qutayba analamula kuti eni nyumba apereke theka la nyumba zawo kwa Aarabu, kuti azikhala nawo limodzi ndi kuona zimene akuchita. Taganizirani zimenezo. Msilikali amene anagwetsa linga la mzinda wanu akugona kuseri kwa khoma la chipinda chanu, akumva pemphero limene mukuphunzitsa mwana wanu usiku. Amalonda ena olemera anakana, anasiya nyumba zonse n'kukamanga zina 700 kunja kwa mzinda. Qutayba anamanga mzikiti mkati mwa linga, pamalo pamene panali kachisi, ndipo analengeza kuti aliyense wobwera ku swala ya Lachisanu alandira madirham awiri, ndalama zasiliva za nthawiyo. Osauka anabwera. Olemera a kunja kwa mzinda aja, atapitiridwa kukaitanidwa, anaponya miyala ali padenga. Anagonjetsedwa, ndipo zitseko za nyumba zawo, zimene zinali zosemedwa zithunzi za milungu ya pabanja, zinatengedwa kukaikidwa pamzikiti nkhope zake zitapalidwa. Zitsekozo zinkaonekabe patapita mibadwo.

Qutayba mwiniwake anaphedwa ndi asilikali ake omwe ku Ferghana mu 715, ataukira khalifa watsopano, wolamulira wamkulu wa dziko la Chisilamu. Koma chimene anadzala chinali chitamera.

Pano ndinene momveka, chifukwa nkhaniyi ena amaikamba ngati ya chipembedzo chimodzi kudya chinzake basi. Zoipa zambiri zimene tikuzidziwa anazilemba ndi Asilamu olemba mbiri, al-Tabari ndi Narshakhi, ndipo sanazibise. Komanso chimene chinapsetsa mtima Asogdi kwambiri chinali chinyengo cha abwanamkubwa pa nkhani ya msonkho. Mwalamulo, msonkho wa pamutu wotchedwa jizya unali wa osakhala Asilamu. Munthu akalowa Chisilamu unkayenera kumuchokera. Koma anthu akalowa ambiri, mosungira chuma cha boma munkauma. Khalifa Umar Wachiwiri, amene analamulira kuyambira 717 mpaka 720, anaumirira kuti lamulo litsatidwe. Bwanamkubwa wake ku Khurasan, al-Jarrah, atafuna kuti otembenukawo aziyamba ayesedwa ngati anadulidwa, Umar anamuyankha kuti Mulungu anatuma Mtumiki kudzaitana anthu, sanamutume kudzawadula. Umar anafa msanga, ndipo msonkho unabwerera. Mu 728 bwanamkubwa wina, Ashras, analonjezanso kuti wolowa Chisilamu salipira. Anthu analowa mwaunyinji, anamanga mizikiti. Ndalama zitachepa, Ashras anabweza mawu ake. Okhometsa msonkho anang'amba zovala za akuluakulu a m'midzi n'kuwapachika malamba awo m'khosi pamaso pa anthu awo. Asogdi 7,000 anatuluka mu Samarkand mokwiya, ndipo Aarabu ena opembedza moona, kuphatikizapo Abu al-Sayda amene anatumidwa kukawalalikira, anaima nawo. Kwa ine awa ndiwo anthu olemekezeka m'nkhani yonseyi: anaona kuti mbali yawo yalakwa ndipo anawoloka.

Pakati pa malonjezo awiri osweka amenewa pali chaka cha 722, chimene tikuchiona pafupi kwambiri chifukwa cha mbusa wina. Mu 1932, mbusayo akudyetsa ziweto paphiri la Mugh ku Tajikistan, anatola kachidutswa kolembedwa zilembo zimene palibe m'mudzi anatha kuziwerenga. Chaka chotsatira akatswiri a ku Leningrad anafukula bwinja la kalinga kakang'ono pamwamba pa phirilo ndipo anapeza zikalata pafupifupi 80, zina papepala, zina pachikopa, zina patimitengo tosendedwa. Zinali za Devashtich, mfumu ya Panjikent, amene kwa kanthawi ankadzitcha mfumu ya Sogd ndi mwini wa Samarkand.

M'zikalatamo muli munthu amene akusowa mtengo wogwira. Muli kalata ya m'Chiarabu yopita kwa al-Jarrah yemwe uja, mmene Devashtich akudzichepetsa ngati mtumiki wokhulupirika. Muli lipoti la nthumwi yake, Fatufarn, imene anaituma kumpoto ku Chach, kumene lero ndi Tashkent, kukafuna thandizo la Aturuki ndi mafumu oyandikana nawo, ndipo ikufotokoza za njira zodzaza ndi adani. Mulinso zinthu wamba za tsiku ndi tsiku: tirigu wotuluka munkhokwe, zikopa zolandiridwa, mgwirizano wobwereketsa zigayo. Boma laling'ono likuyesetsa kusunga mabuku ake molongosoka dziko likupsa.

Chikalata chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha ukwati, cholembedwa mu 710, pakati pa mwamuna wotchedwa Uttegin ndi mkazi wotchedwa Chat. Mwamuna akulonjeza kumudyetsa, kumuveka ndi kumulemekeza monga mayi wa panyumba. Akatenga mkazi wina Chat asanavomere, alipire madirham 30 ndipo mkazi winayo achoke. Akafuna kuthetsa banja, amubwezere Chat katundu wake yense. Chat nayenso ali ndi ufulu wochoka akafuna. Wina mwa othawira kuphiri kuja anaona kuti pa zinthu zonse za m'nyumba, chikopa ichi n'chosayenera kusiyidwa. Chimatiuza za mtundu wa anthu umene unali ndi malamulo ake, mboni zake ndi ulemu wake kwa mkazi, zonse m'chinenero chawo.

Mu 722 bwanamkubwa Sa'id al-Harashi anabwera kudzalanga oukira. Gulu limodzi la Asogdi linathawira ku Khujand, podalira lonjezo la mfumu ya Ferghana, koma mfumuyo inawapereka. Atagonja, anaphedwa zikwizikwi. Al-Tabari akuti amene anasiyidwa ndi moyo anali amalonda 400 amene anali ndi katundu wochokera ku China. Devashtich ndi anthu ake anakwera chigwa cha Zeravshan mpaka paphiri la Mugh. Zinthu zitafika pa mwana wakana phala, anadzipereka atalonjezedwa kuti saphedwa. Al-Harashi anayenda naye kanthawi momulemekeza, kenako anamupachika pamanda ku Rabinjan. Mutu wake unatumizidwa ku Iraq, dzanja lake lamanzere ku Tukharistan.

Nkhondo inapitirirabe zaka zina, Aturuki a Türgesh motsogozedwa ndi Suluk atalowererapo, ndipo nthawi ina Aarabu anatsala pang'ono kutaya dera lonselo. Suluk anaphedwa ndi munthu wake mu 738. Bwanamkubwa watsopano wa Aarabu ku Khurasan, Nasr ibn Sayyar, anali nkhalamba yodziwa dzikolo, ndipo anachita zimene anzake anakana: anakonza za msonkho, anakhululukira othawa ngongole zawo zakale, nawalola kubwerera. Ndikuona kuti chifundo chimenechi chinagwira ntchito imene lupanga linalephera. Ku Panjikent, kumene akatswiri akhala akufukula kuyambira 1946, nthaka ikusonyeza zonse motsatana. Moto wa 722 ukuoneka panyumba yachifumu ndi pakachisi. Cha m'ma 740 anthu anabwerera, anakonza nyumba, ena anajambulanso makoma awo ndi nthano za ngwazi Rustam ndi za nyama. Patapita zaka zochepa, nkhope za m'zithunzizo zinayamba kukandidwa. Pofika m'ma 770 mzinda wa pachitundawo unasiyidwa, anthu anatsikira kuchigwa. Palibe anawathamangitsa ndi moto ulendo uno.

Kum'mawa nakonso khomo linali kutsekeka. Mu 755 An Lushan, mkulu wa asilikali wa magazi a Chisogdi ndi Chituruki, anaukira mafumu a Tang, amene ankalamulira China, ndipo nkhondoyo inasakaza China mpaka 763. Pambuyo pake kukhala Msogdi ku China kunasanduka chinthu chobisa. Mabanja anasintha mbiri ya kumene anachokera, ena anakabisala pansi pa mapiko a Auyghur. Malonda amene ankapatsa Chisogdi mtengo wake anazilala, ndipo kwawo, ntchito ya boma, mlandu kubwalo, malonda a pamsika ndi maphunziro zinali zitasamukira ku zinenero zina. Chimene chinalowa m'malo mwa Chisogdi pakamwa pa anthu wamba chinali Chiperezi, chimene Asilamu ambiri ochokera ku Khurasan ankalankhula. Kholo lililonse lofunira mwana wake zabwino linkadziwa chinenero chimene chidzamudyetse. Sindingawaweruze makolo amenewo. Koma zimandiwawa kuti chinenero chimene chinamveka kuchokera ku Constantinople mpaka ku Luoyang, ku China, chinabwerera m'mbuyo mpaka kutsala m'midzi. M'ma 1070, Mahmud al-Kashgari analemba kuti Asogdi a ku Balasaghun anali atatengera kale zovala ndi makhalidwe a Aturuki.

Anthuwo sanafe onse, ndipo zidzukulu za m'chigwa chimenecho zinachita zazikulu. Pansi pa mafumu a Samanid, Bukhara inakhala umodzi mwa mizinda ya maphunziro yotchuka m'dziko lonse la Chisilamu. Rudaki, amene amatchedwa tate wa ndakatulo za Chiperezi, anabadwira m'mapiri a pafupi ndi Panjikent. Ibn Sina, sing'anga amene mabuku ake anaphunzitsidwa ku Ulaya zaka mazanamazana, anabadwira pafupi ndi Bukhara cha m'ma 980. Ndipo shehe aliyense wa ku Mangochi kapena ku Machinga akamatchula hadith, mawu ndi zochita za Mtumiki, ya m'buku la al-Bukhari, akutchula munthu wobadwira mumzinda uja wa zitseko zopalidwa nkhope, mu 810, patangotha zaka 100 Qutayba ataulanda. Kholo lake lina, Bardizbah, linali la chipembedzo cha Zoroaster. Zinthu ziwirizi, kulemera kwa zimene zinabadwa ndi kuwawa kwa zimene zinatayika, ndimazigwira pamodzi, ndipo sindilola kuti chimodzi chifafanize chinzake.

Chisogdi chinatsala pamalo amodzi. M'chigwa cha Yaghnob, pamwamba m'mapiri a Tajikistan, kumene chipale chimatseka njira miyezi yambiri pachaka, anthu anapitiriza kulankhula chinenero chochokera ku kalankhulidwe kena ka Chisogdi. Ndi Asilamu, alimi ndi abusa, ndipo anachisunga zaka zoposa 1,000 popanda mfumu kapena sukulu yochiteteza. Mu 1970 boma la Soviet Union linati chigwacho n'choopsa chifukwa cha zigumukire za chipale, linatumiza mahelikopita, n'kusamutsa midzi yonse kupita ku Zafarabad, kuchigwa chotentha kumene kunkafunika manja olima thonje. Ambiri, makamaka ana, anafa ndi kutentha ndi madzi oipa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mabanja ena anayamba kubwerera kumabwinja a midzi yawo. Olankhula Chiyaghnobi lero akuyerekezedwa kukhala pafupifupi 12,000, ambiri a iwo kunja kwa chigwacho. Mu 2000 boma la Tajikistan linatcha chigawo chonse cha kumpoto dzina loti Sughd pokumbukira Asogdi, ndipo ana a Ayaghnobi a m'chigawo chimenecho amaphunzira kusukulu m'Chitajik.